Idiosyncrasy: liwu la Cingerezi lonena za kacitidwe ka munthu kakekake

Mwina munatsegulapo kapepala kamene kamakhala m'kabokosi ka mankhwala, n'kupezamo liwu lalitali limene linakuimitsani. Kapena mwana wanu wa ku sekondale anabwera nalo kunyumba m'bukhu lake la Cingerezi. Limodzi mwa mawu otere ndi ili: idiosyncrasy. Lili ndi zilembo 12. Musacite nalo mantha. Liwu lalitali lili ngati mtolo wa nkhuni. Mukaumasula, mumapeza kuti ndi nkhuni zomwe mumazidziwa kale. Tiyeni tilimasule pang'onopang'ono.

Tanthauzo lake

Idiosyncrasy ndi kacitidwe, kaganizidwe kapena cizolowezi cimene cili ca munthu mmodzi yekha. Ndi kanthu kamene kamamusiyanitsa ndi anzake. Anthu ena akakaona amadabwa pang'ono, mwina amaseka, koma sikapweteka munthu aliyense.

Ganizirani za anthu a pakhomo panu. Pali agogo amene samwa tiyi m'kapu ina iliyonse koma yawo yomweyo yacitsulo, ngakhale inacita kupindika. Pali bambo amene amati akatseka citseko usiku, amabwereranso kawiri kukacigwira kuti aone ngati catsekekadi. Pali mayi amene sangasinje cimanga popanda kuimba camumtima. Pali mnyamata amene amasunga nthuli ya nyama mpaka nsima itatha, kenako n'kuidya payokha. Kalikonse mwa timacitidwe timeneti Angerezi angakachule kuti idiosyncrasy.

M'Cinyanja tilibe liwu limodzi lofanana nalo ndendende. Timati "ndi mmene alili", kapena "n'cibadwa cake", kapena "ameneyo ali ndi zakezake". Mawu athuwa ndi amene akufika pafupi kwambiri.

Liwuli silinena za anthu okha ayi. Cinthu naco cimatha kukhala ndi zakezake. Njinga yamoto imene imalira pokhapokha mwini wake ataipendeketsa kaye kumanzere ili ndi idiosyncrasy yake. Cilankhulo naco cili ndi zake. Mwacitsanzo, m'Cingerezi muli mawu amene amayamba ndi cilembo k koma k ameneyo samveka powachula, monga knife, kutanthauza mpeni.

Palinso tanthauzo lacitatu, la kucipatala. Limeneli ndi lofunika kwambiri pa moyo wanu, ndipo tilifotokoza palokha kutsogoloku.

Kachulidwe kake

Liwuli lili ndi maphatikizo 6. Chulani limodzilimodzi, mokweza:

i – di – o – sing – kra – si

Mphamvu ya mawu iikeni pa phatikizo lacinayi, sing. Bwerezani katatu, kenako fulumirani pang'ono. Mwatha.

Ngati mumamva Cipwitikizi, muli kale ndi poyambira, cifukwa liwuli lilimo. Apwitikizi amalemba idiossincrasia, zilembo 14. Iwo amaika mphamvu ca kumapeto, ndipo s womalizayo amamveka ngati z: i – di – o – sin – kra – zi – a. Tanthauzo ndi limodzimodzi. Ndiye kuti mukaphunzira liwu limodzili, mwapha zilankhulo ziwiri.

Kumene linacokera

Angerezi ndi Apwitikizi sanalipange okha liwuli. Linacokera ku Cigiriki, cilankhulo ca dziko la Greece, kum'mwera kwa Ulaya. Agiriki ankati idiosynkrasia. Analumikiza timawu titatu:

idios, kutanthauza "cake ca munthu", "ca iye yekha";
syn, kutanthauza "pamodzi";
krasis, kutanthauza "kusakaniza".

Mukatiphatikiza tonse titatu, mupeza "kusakanizika kwake kwa munthu". Ndilo tanthauzo lenileni la liwuli.

Timawu timeneti si tacilendo kwa inu monga mmene mukuganizira. Kaliwu ka syn mumakamva kuchalichi. Sunagoge, nyumba imene Ayuda amasonkhanamo, ndi liwu la Cigiriki lotanthauza kusonkhanitsa pamodzi. Sinodi nalonso lili ndi syn koyambirira, cifukwa ndi msonkhano wa anthu obwera pamodzi.

Kaliwu ka idios kali m'liwu la Cipwitikizi lakuti idioma, cilankhulo, ndiye kuti kalankhulidwe kawokawo ka mtundu wa anthu. Kalinso m'liwu lotukwana lija, idiota. Koma poyamba silinali citonzo. Kwa Agiriki, idiotes anali munthu wamba, wosamala zake zokha, wopanda udindo pa nkhani za mzinda. Patapita nthawi m'pamene linayamba kutanthauza mbuli, kenako citsiru.

Nanga krasis? Agiriki akale sankakonda kumwa vinyo wosasungunula. Ankamusakaniza ndi madzi m'cimbale cacikulu cochedwa krater. Cidzenje ca pamwamba pa phiri lophulika moto cinatenga dzina lake ku cimbale cimeneco, cifukwa zimafanana maonekedwe. Apwitikizi amati cratera. Ndipo Agiriki a lero vinyo amamucha krasi.

Ankasakaniza ciyani m'thupi la munthu?

Apa m'pamene pagona nkhani. Madotolo akale a ku Greece ankakhulupirira kuti m'thupi la munthu muli madzi a mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yacikasu ndi ndulu yakuda. Ciphunzitso cimeneci cimapezeka m'mabukhu odziwika ndi dzina la Hippocrates, dotolo wa pa cilumba ca Kos amene anabadwa ca m'ma 460 Yesu asanabadwe. Pambuyo pake dotolo wina, Galen, amene anabadwa m'caka ca 129 ku Pergamon ndipo anagwira nchito ku Rome, anacikulitsa ndi kucilemba m'mabukhu ambiri. Madotolo a ku Ulaya ndi a maiko a Aluya anatsata Galen kwa zaka zoposa 1,000.

Iwo ankati madzi anayiwa akakhala pa mlingo wabwino, munthu amakhala wathanzi. Ena akaculuka kuposa anzake, munthu amadwala. Ankatinso madziwa ndi amene amapanga khalidwe la munthu. Wa magazi ambiri amakhala wansangala. Wa makhololo ambiri amakhala wofatsa, wosafulumira. Wa ndulu yacikasu yambiri sacedwa kupsa mtima. Wa ndulu yakuda yambiri amakhala wokhumata, wokonda kukhala yekha. Liwu la Cipwitikizi lakuti melancolia, cisoni cokhalitsa, limatanthauza "ndulu yakuda" m'Cigiriki.

Tsono munthu aliyense, iwo ankatero, ali ndi mlingo wakewake wa madziwa. Amayi awiri akhoza kuphika futali ndi zinthu zofanana, mbatata, nsinjiro, mcere ndi madzi, koma kakomedwe n'kusiyana, cifukwa aliyense ali ndi dzanja lake. Mlingo wakewake wa munthu umenewo ndiwo unkachedwa idiosynkrasia. N'cifukwa cake dotolo ankayenera kumudziwa wodwala wake, popeza mankhwala amene anaciza Uje akhoza kudwalitsa Ujeni.

Lero madotolo anasiya ciphunzitso ca madzi anayi. Anapeza kuti matenda ambiri amabwera ndi tizilombo, ndi zakudya zosakwanira, kapena ndi zimene timatengera kwa makolo. Koma mfundo imodzi ya akalewo inatsala, ndipo ndi yoona: matupi athu salingana.

Mmene linalowera m'Cingerezi

Liwuli linayamba kuoneka m'mabukhu a Cingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Afalansa nawo anali nalo, ankalemba idiosyncrasie. Poyamba linali liwu la madotolo, lonena za thupi lokha. Patapita zaka makumi angapo, olemba mabukhu anayamba kuligwiritsa nchito ponena za maganizo ndi mtima wa munthu. Kucokera pamenepo linafika pa tanthauzo limene anthu ambiri amalidziwa lero, la tizizolowezi todabwitsa.

Cenjerani polemba

Ngakhale eni ake Cingerezi amalakwitsa kalembedwe ka liwuli. Ambiri amalemba c kumapeto, idiosyncracy, cifukwa anazolowera democracy. Kumeneko n'kulakwa. Mawu awiriwa si apacibale. Democracy anacokera ku demos, anthu, ndi kratos, mphamvu kapena ulamuliro. Liwu lathuli linacokera ku krasis, kusakaniza. Conco kumbukirani: ulamuliro umatenga c, kusakaniza kumatenga s.

M'Cipwitikizi lamulo ndi lomweli. Democracia ali ndi c, idiossincrasia ali ndi s. Onaninso kuti Apwitikizi amalemba s awiri pakati. Amatero cifukwa s mmodzi akakhala pakati pa malembo a liwu awiri amamveka ngati z, monga m'liwu lakuti casa, nyumba.

Kagwiritsidwe nchito kake

Idiosyncrasy ndi dzina. Zikakhala zambiri, y wakumapeto amacoka ndipo timalemba idiosyncrasies. Mfotokozi wake ndi idiosyncratic. Taonani ziganizo zitatu izi ndi matanthauzo ake.

Counting his goats twice every evening is my uncle's idiosyncrasy.
Amalume ali ndi kacizolowezi kawokawo kowerenga mbuzi zawo kawiri madzulo alionse.

After ten years she knows all her husband's idiosyncrasies.
Patha zaka khumi, ndipo mayiyu akudziwa zakezake zonse za mwamuna wake.

The tailor has an idiosyncratic way of cutting cloth.
Telalayu ali ndi kadulidwe kakekake ka nsalu.

Liwuli ndi la m'mabukhu, m'manyuzipepala ndi m'makalata a nchito. Pamsika simungalimve kawirikawiri. Poceza, olankhula Cingerezi amakonda kaliwu kafupi kakuti quirk, ndipo olankhula Cipwitikizi amati mania kapena jeito.

Pali malire awiri oti muwadziwe. Coyamba, cinthu cimene mudzi wonse umacita si idiosyncrasy ya munthu. Kusamba m'manja musanadye nsima ndi mwambo wa tonse. Koma amene amasamba m'manja katatu asanagwire mbamu ya nsima, ameneyo ali ndi zakezake. Caciwiri, liwuli si cophimbira zoipa. Kuba, kumenya mkazi, kumwera ndalama za cakudya ca ana, zimenezi ndi zolakwa ndipo ziyenera kuchulidwa maina ake enieni. Munthu asakunamizeni kuti nkhanza ndi "mmene alili" basi.

Anthu ochuka nawo anali ndi zawozawo

Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, anabadwa mu 1724 ndipo anamwalira mu 1804. Ankakhala mumzinda wa Königsberg, umene lero ukuchedwa Kaliningrad. Tsiku ndi tsiku ankapita kokayenda pa nthawi imodzimodzi, mwakuti anthu ankanena kuti oyandikana naye akanatha kukonza mawoci awo pongomuona akudutsa.

Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 27, kenako anakhala pulezidenti wa South Africa kuyambira 1994 mpaka 1999. Ngakhale ali pa mpando umenewo, ankadzuka m'mamawa kwambiri n'kuyala yekha bedi lake, ngakhale m'nyumba za alendo mmene munali anthu olembedwa nchito yomweyo.

Kenneth Kaunda, amene analamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991, ankadziwika ndi kampango koyera kamene sankakasiya m'dzanja. Anthu akangoona kampangoko kakukupizidwa, ankadziwa amene wafika.

Palibe amene anawacotsera ulemu anthu amenewa cifukwa ca timacitidwe tawoti. Ndipotu anthu amawakumbukira nato.

Tanthauzo la kucipatala

Tsopano tcheru, cifukwa gawo lino likhoza kupulumutsa moyo. Madotolo akati idiosyncrasy, kapena idiosyncratic reaction, amanena za thupi la munthu limene ladana ndi mankhwala mwa njira yacilendo. Anthu ambiri amamwa mankhwala omwewo n'kucira bwinobwino. Koma mmodzi mwa ambiri, ngakhale wamwa mlingo woyenera, amadwala nawo. Vuto silikhala mankhwala oonongeka, kapena dotolo wolakwitsa. Ndi mmene thupi la munthuyo lilili.

Izi n'zosiyana ndi zovuta zazing'ono zimene anthu ambiri amamva akamwa mankhwala ena, monga nseru pang'ono kapena kugona tulo. Zimenezo anamwino amakuuziranitu. Zimene tikunena pano sizicitika kawirikawiri, koma zikacitika zimatha kukhala zoopsa.

Citsanzo codziwika ndi ca anthu amene amabadwa ndi kacinthu kocepa m'magazi, kamene madotolo amakachula G6PD. Kacinthu kameneka kamateteza tizigawo tofiira ta magazi. Kucepa kwake munthu amatengera kwa makolo. Kumapezeka kwambiri kwa amuna, ndiponso m'maiko a malungo, kuphatikizapo a muno mu Africa. Munthu wotere amakhala bwinobwino osadziwa kanthu. Koma akamwa mankhwala ena, monga primaquine, tizigawo tofiira tija timatha kusweka. Mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, maso amacita cikasu, ndipo thupi limafooka.

Citsanzo cina ndi matenda a khungu amene madotolo awiri a ana a ku America, Stevens ndi Johnson, anawafotokoza mu 1922, ndipo amachedwa ndi maina awo. Amayamba ngati cimfine, thupi kutentha. Kenako pakhungu pamatuluka zidzolo ndi matuza, ndipo m'kamwa, m'milomo ndi m'maso mumacita zilonda. Mwa mankhwala amene amatha kuyambitsa zimenezi kwa anthu ocepa muli cotrimoxazole ndi nevirapine.

Musaope mankhwala cifukwa ca nkhaniyi. Mankhwala amenewa athandiza anthu ambirimbiri. Ingosungani mfundo zinayi izi.

Mukayamba mankhwala atsopano n'kuona matuza, zilonda m'kamwa, nkhope kutupa, kubanika, maso acikasu kapena mkodzo wakuda, pitani kucipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti kuce kawiri.

Tengani kabokosi kapena kapepala ka mankhwalawo, kuti anamwino aone dzina lake.

Lembani dzina la mankhwala amene anakudwalitsaniwo pa kapepala, n'kukasunga pamodzi ndi khadi lanu la kucipatala. Muzikaonetsa nthawi zonse musanalandire mankhwala ena. Apa m'pamene kudziwa kulemba kumagwira nchito.

Musamwe mapilitsi otsala a mnzanu, ngakhale matenda anu aoneke ofanana. Thupi lake si lanu.

Ngati kapepala ka mankhwala kali m'Cipwitikizi, yang'anani liwu lija idiossincrasia. Ngati mankhwala anagulidwa ku Malawi kapena ku Zambia, kapepala kamakhala ka Cingerezi, ndipo muyang'ane idiosyncrasy kapena idiosyncratic. Mukalipeza ndipo simukumvetsa ciganizo conse, funsani anamwino akumasulireni.

Mawu ena oyandikana nalo

Habit ndi cizolowezi ciliconse, cabwino kapena coipa, ca munthu mmodzi kapena ca anthu ambiri. Kudzuka m'mamawa ndi habit.

Quirk ndi kacizolowezi kakang'ono kodabwitsa, kawirikawiri koseketsa. Ndi mng'ono wake wa idiosyncrasy.

Eccentric ndi munthu amene zocita zake zambiri n'zacilendo, osati kamodzi kokha. Liwuli nalo ndi la Cigiriki, ndipo limatanthauza "kunja kwa pakati". Ganizirani gudumu la njinga limene citsulo cake sicili pakatikati. Limayenda ndithu, koma modumphadumpha.

Peculiar limapezeka m'Cingerezi ndi m'Cipwitikizi momwe. Linacokera ku Cilatini, cilankhulo ca Aroma. Kwa iwo pecu zinali ziweto, ndipo peculium kanali kacuma kamene bambo ankalola mwana wake, kapena mbuye kapolo wake, kuti akhale nako ngati kakekake. Zili ngati mmene kholo limalozera mwana mbuzi imodzi m'khola n'kunena kuti "iyi ndi yako". Motero peculiar poyamba linkatanthauza "cakecake", ndipo pambuyo pake "cacilendo".

Mwaona? Mawu awiri, lina la Agiriki lina la Aroma, anayenda njira imodzi. Onse anayamba ndi "cake ca munthu" n'kukathera ku "codabwitsa". Cimene cili ca mnzathu yekha, ifeyo timaciona ngati cacilendo.

Dzina limene timapatsa cinthu

M'midzi mwathu muli anthu amene ali ndi zawozawo. Agogo ena amalankhula okha akamapalira. Ena amakonda kukhala panja usiku kuyang'ana nyenyezi. Ena sadya kunyumba kwa munthu. Nthawi zina anthu otere, makamaka okalamba amene amakhala okha, amapatsidwa dzina loopsa lakuti mfiti. Dzina limenelo lacotsa anthu m'nyumba zawo, ndipo ena avulazidwa nalo.

Liwu limene mwaphunzira leroli likupereka dzina lina. Likunena kuti munthuyu anasakanizidwa mwa mtundu wake, monga mmene inunso munasakanizidwira mwa mtundu wanu. Funsani a pakhomo panu. Akuuzani kanthu kamene inu mumacita, kamene iwo amaseka mukatembenuka. Koma ngati munthu wasintha mwadzidzidzi, wayamba kuiwala ana ake, kusocera njira ya kumunda, kapena kusiya kudya, imeneyo si idiosyncrasy. Akhoza kukhala matenda, ndipo afunika kupita naye kucipatala.

Dziyeseni

Tengani kope ndi colembera.

1. Lembani liwu lakuti idiosyncrasy katatu, osayang'ana. Kenako onani ngati kumapeto mwalemba s.
2. Lembani timawu titatu ta Cigiriki timene tinapanga liwuli, ndi tanthauzo la kalikonse.
3. Chulani zizindikiro zitatu zimene ziyenera kukuthamangitsirani kucipatala mukayamba mankhwala atsopano.
4. Lembani ciganizo cimodzi m'Cinyanja cofotokoza kacitidwe kanukanu. Kenako kawerengereni mnzanu, naye akuwerengereni cake.